Galu wokalamba akayamba kutsokomola

 

Munandipempha kuti ndikambe za chifuwa cha agalu. Mutuwu ndi waukulu, choncho ndausepa kuti utsale pa galu mmodzi: uja wamera imvi pamphuno, amene amayamba waganiza kaye asanadzuke, ndipo m'thupi mwake muli kale vuto lina, kaya ndi mtima, impso, shuga kapena nyamakazi. Galu wa zaka ziwiri akagwidwa chifuwa amakusowetsani tulo sabata imodzi kapena ziwiri, chakudya akudya, mchira akugwedeza, kenako chifuwacho n'kutha chokha. Wa zaka 11 chifuwa chomwecho chikhoza kumutsikira m'mapapo n'kumutenga sabata isanathe. Komanso nthawi zambiri chimene mukumva usikucho si chifuwa chopatsirana n'komwe, koma ndi matenda akale aja afika pena.

Ukalamba wa galu umayendera msinkhu wake. German Shepherd, Rottweiler kapena Boerboel timamuyesa nkhalamba akafika zaka 7 kapena 8, pamene tiagalu ting'onoting'ono ta m'nyumba timafika kumeneko cha m'ma 10. Agalu ongoyendayenda ambiri safikako, amathera pamsewu kapena ku matenda akadali anthete. A m'mipanda, obayitsidwa katemera ndi kudyetsedwa bwino, akufika, ndiye ambirife tikusamala galu wokalamba koyamba m'moyo wathu. Mawu amene ndimamva kawirikawiri kwa mwini galu wotere ndi akuti, "Wangokalamba basi, adokotala." Ine ndimakana. Ukalamba pawokha sutsokomoletsa. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ndikuwonjezerapo kuti satsokomolanso pachabe.

Tiyambe ndi chifuwa chopatsirana, chimene m'mabuku amachitcha kennel cough. Sichibwera ndi kachilombo kamodzi. Pali bakiteriya wotchedwa Bordetella bronchiseptica, yemwe ndi wachibale wa uja amabweretsa chifuwa chokoka mtima kwa ana athu, palinso mavairasi monga parainfluenza ndi adenovirus, ndipo nthawi zambiri amalowa awiri kapena atatu pamodzi. Galu amachitenga ponunkhizana ndi mnzake pampanda, pomwera mbale imodzi, kapena pamzere wa kudibi, ndipo chimaonekera pakadutsa masiku atatu mpaka 10. Chimakhala chouma, chokhadzula, ndipo pomaliza galu amachita ngati akufuna kusanza n'kutulutsa kathovu koyera. Akamadya, akamasewera, thupi lisakutentha, chimenechi sichifuna ngakhale mankhwala opha mabakiteriya. Koma njira ya mpweya ili ndi timaubweya tosaoneka ndi maso timene timasesera fumbi ndi makhololo kukhosi, ndipo tizilombo timeneti timayamba tapuwalitsa timaubweyato. Mwa galu wamng'ono timachira msanga. Mwa nkhalamba imene chitetezo chake chafooka ndi shuga kapena ndi mapiritsi a prednisolone, mabakiteriya amapeza njira yotseguka mpaka pansi, ndiye chibayo chimenecho. Mudzachidziwa chifukwa chifuwa chimasanduka chofewa, chonyowa, galu amasiya kudya, amangogona, mamina amakhala achikasu, ndipo thupi limatentha kupitirira madigiri 39.2, omwe ndi malire a galu wabwinobwino.

Ena mukukumbukira kuti chakumapeto kwa 2023 pa Facebook panadzaza nkhani ya chifuwa chachilendo cha agalu ku America, ku Oregon, Colorado ndi madera ena, chokhala milungu yambiri osamva mankhwala. Chimene madokotala akumeneko ankabwereza ndi chomwe ndikunenachi: oyamba kuwadera nkhawa ndi agalu okalamba, a mphuno zophwatalala, ndi amene ali kale ndi vuto la mtima kapena mapapo.

Kuno kwathu chondidetsa nkhawa kwambiri ndi distemper. Vairasi yake ndi yachibale ndi ya chikuku, ndipo anaizindikira Henri Carré ku France mu 1905. Imayamba ndi manthongo, mamina ndi chifuwa, kenako kutsegula m'mimba, pomaliza n'kukafika ku ubongo, galu n'kumanjenjemera nsagwada kapena kugwa khunyu. Mu 1994 inapha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango ya ku Serengeti, choncho si matenda ocheza nawo. Ndikafunsa za katemera, ambiri amayankha kuti, "Anabaya, satifiketi ilipo." Ndikaiona ndimapeza kuti ndi ya chiwewe. Ntchito ya katemera wa chiwewe ndi yotamandika: mu 2015 bungwe la Mission Rabies ndi anzawo anabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Koma jakisoni ameneyo amateteza ku chiwewe chokha. Wa distemper ndi wina, wolipira, ndipo galu amene sanabayidwepo n'kale lonse akhoza kudwala ngakhale ali ndi zaka 10.

Tsopano ndifike pa mtima, ndipo pano ndichedwapo.

Pa agalu anayi alionse odwala mtima, pafupifupi atatu vuto lawo limakhala limodzi: kachitseko ka mbali ya kumanzere kwa mtima, kotchedwa mitral valve, kamakhuthala n'kupindika ndi zaka, ndiye sikatsekanso bwino. Amene munakonzapo mjigo mukudziwa zimene zimachitika labala wa pansi akatha: mumapopa ndithu, koma madzi ena amabwerera m'mbuyo, ndipo kuti ndowa idzaze pamafunika mphamvu zowirikiza. Mtima nawo umapopa magazi ena chobwerera. Dokotala akaika chomvetsera pachifuwa amamva kaphokoso kofwenthera pakati pa kugunda. Izi zimakonda agalu ang'onoang'ono ndi apakatikati. Akuluakulu monga Doberman ndi Great Dane lawo limakhala lina: mnofu wa mtima umafooka, mtima n'kufutukuka.

Mtima wotere umabweretsa mavuto awiri osiyana, ndipo kuwasokoneza kwapweteketsa agalu ambiri. Loyamba, mtima ukakula ukhoza kukanikiza njira ya mpweya imene imadutsa pamwamba pake, galu n'kumatsokomola chouma kwa miyezi, koma m'mapapo mulibe madzi. Lachiwiri, magazi obwerera aja akachuluka, madzi amayamba kuchucha kulowa m'mapapo. Apa chizindikiro chachikulu si kutsokomola ayi, koma kupuma mofulumira, ngakhale ali m'tulo. Tsono agalu ang'onoang'ono okalamba ambiri ali ndi kaphokoso ka mtima kaja, ndipo ambiri mwa omwewo alinso ndi njira za mpweya zotupa kapena zofooka. Munthu akangomva kaphokosoko n'kumva chifuwa, amathamangira kunena kuti mtima walephera, n'kuyamba kupereka furosemide, mapiritsi okodzetsa amene ambiri mumawadziwa kuti Lasix. Ngati m'mapapo munalibe madzi, mapiritsiwo sachotsa chifuwa, amangoumitsa thupi la galu ndi kufinya impso zomwe zinali zotopa kale.

Chosiyanitsa bwino ndi X-ray, koma si tonse tili pafupi ndi makina amenewo. Chimene tonse tingachite, popanda kulipira tambala, ndi kuwerenga kupuma. Dikirani galu agone tulo tenitenti, pamalo pozizira bwino, osati atangochokera kothamanga kapena akulota n'kumaphiriphitha miyendo. Musamukhudze. Khalani chapatali pang'ono, muyang'ane nthiti zake kuseri kwa mwendo wakutsogolo. Nthiti zikakwera n'kutsika, kumeneko ndi kupuma kumodzi, osati kuwiri. Tsegulani wotchi ya pafoni, muwerenge kwa masekondi 30, n'kuchulukitsa kawiri. Galu amene mapapo ake ali bwino sapitirira 30 pamphindi ali m'tulo, ndipo ambiri amakhala pansi pa 25. Lembani nambalayo m'kope pamodzi ndi tsiku. Muyambe lero, galu asanadwale, kuti mudziwe nambala yake ya masiku onse. Amene amagona pa 18 akayamba kuonetsa 24, mawa 28, mkuja 33, ameneyo madzi kapena chibayo zayamba, ngakhale akugwedezabe mchira. Akapitirira 30 mobwerezabwereza, imbani foni tsiku lomwelo. Akapitirira 40, musadikire kuti kuche. Ndipo mbali inayo ndi yothandizanso chimodzimodzi: galu wa kaphokoso ka mtima amene akutsokomola koma akugona pa 20, mwina chifuwacho sichikuchokera ku madzi a m'mapapo, ndiye kumuwonjezera Lasix ndi kumulakwira.

Kope limeneli ndimalilemekeza kuposa zambiri zimene ndimayeza ndekha. Galu akafika kuchipatala amakhala ndi mantha, ali wefuwefu, ndipo nambala imene ndingawerenge patebulo ilibe ntchito. Chifuwanso chimabisala akangoona dokotala. Mujambuleni kanema pafoni akamatsokomola kunyumba, mubwere nayo.

Za mankhwala a mtima ndinene chimodzi chokha. Kafukufuku wotchedwa EPIC, wa agalu 360 m'maiko angapo, amene anasindikizidwa mu 2016, anaonetsa kuti pimobendan akayambidwa mtima utakula koma madzi asanalowe m'mapapo, amachedwetsa kulephera kwa mtima ndi miyezi pafupifupi 15. Kwa galu imeneyo ndi nthawi yaitali. Mankhwalawa ndi odula ndipo sapezeka paliponse, koma n'chifukwa chake ndimati galu akafika zaka 7 azimvedwa mtima kamodzi pachaka, osadikira chifuwa.

Tikwere kukhosi. Mwa agalu akuluakulu okalamba, makamaka Labrador, mitsempha yotsegula kholingo imafooka pang'onopang'ono. Mawu amasasa, kuuwa kumasintha, ndipo akamakoka mpweya mumamva kukhwekhwereza muli patali. M'nyengo yozizira amapirira, koma kukatentha mu Okutobala amabanika, chifukwa galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma. Akamalimbana kuti apume thupi limatentha, likatentha amalimbananso kwambiri, mpaka kugwa. Kholingo losatseka bwino limalolanso chakudya ndi madzi kulowera ku mapapo. Tiagalu ting'onoting'ono tathu timakhala ndi vuto lina: chubu cha mpweya chimaphwafuka, n'kumatsokomola molira ngati tsekwe tikasangalala kapena tikakokedwa chingwe. Onsewa achotseni chingwe ndi tcheni m'khosi, muwamange cha pachifuwa.

Pano ndiime kaye ndichenjeze. Galu akasintha mawu mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu, dovu likuchucha, akulephera kumeza, akuoneka ngati fupa lamuima pakhosi, musapise dzanja m'kamwa mwake kuti mulichotse. Chiwewe chikhoza kuyamba chonchi, ndipo si galu wachiwewe aliyense amene amalusa. Ena amangofooka, nsagwada ili lende. Mutsekereni, muitane alangizi a ziweto. Malovu ake akakhudza bala, tsukani ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali kanyongolotsi kena kotchedwa Spirocerca lupi, kodziwika kwambiri kum'mwera kwa Africa kuno, ndipo madokotala a ku South Africa alembapo zambiri. Galu amakatenga akadya tizikumbu tokunkhuniza ndowe, kapena buluzi ndi matumbo a nkhuku osaphika zimene zinadya tizikumbuto. Kamayenda m'khoma la mtsempha waukulu wa magazi kwa miyezi, n'kukamanga chotupa m'njira ya chakudya. Galu amadya, pakapita kanthawi chakudya chimabwerera chosagayika, popanda kudzikakamiza kumene timaona akamasanza. Chobwereracho china chimapita ku mapapo, ndiye chibayo chimabwera, kuchira, n'kubweranso. Chotupacho chikakhalitsa chikhoza kusanduka khansa. Galu wokalamba amene akuwonda, akubweza chakudya ndiponso akutsokomola, dokotala auzidwe zitatu zonsezi pamodzi.

Zina ndingozitchula. Galu wamkazi wosatseketsa amene ali ndi zotupa m'mawere, pafupifupi theka la zotupa zotere zimakhala khansa, ndipo khansayo imakonda kufalikira ku mapapo. Matenda a nkhupakupa amatha magazi, galu n'kumapuma mofulumira mapapo ali bwinobwino. Tameki amene akuba amaponya m'mpanda amabanikitsa galu ndi dovu ndi thovu m'mphindi zochepa. Ndipo m'nyumba imene muli wodwala chifuwa chachikulu, galu akhoza kuchitenga kwa munthu, ngakhale sizichitikachitika. Musachite manyazi kumuuza dokotala.

Mwaona kuti magwero ndi ambiri. Chovuta mwa nkhalamba n'chakuti mankhwala a vuto limodzi amalimbana ndi vuto linzake. Galu wa chibayo amafuna madzi ambiri m'thupi kuti makhololo asungunuke, ndiye timamuika dilipi. Galu yemweyo akakhala ndi mtima wofooka, dilipi yothamanga imamudzaza madzi m'mapapo. Tikamupatsa Lasix kuti tiphwetse madziwo, makhololo amalimba ndipo impso zimalira. Prednisolone amaziziritsa chifuwa cha njira zotupa, koma amakweza shuga ndi kugwetsa chitetezo, ndipo akakumana ndi mankhwala a nyamakazi monga meloxicam kapena carprofen amaboola zilonda m'mimba. Mankhwala a nyamakaziwo ndi abwino galu akamadya ndi kumwa. Akasiya, amapweteka impso, choncho aimitseni kaye mufunse. Jakisoni wa gentamicin, amene ena amathamangira chifukwa ndi wotsika mtengo, ndi woopsa kwa impso zokalamba. Mankhwala oletsa kutsokomola amathandiza kagalu ka chubu chophwafuka kuti kagone, koma kwa wachibayo amatsekera mafinya m'kati. Palibe mndandanda umodzi wogwira agalu onse, dokotala amayenera kuyeza uku ndi uku, nthawi zina kusintha mlingo patangopita masiku awiri. N'chifukwa chake mukamapita kuchipatala munyamule mapaketi onse a mankhwala amene galu akumwa, ngakhale amene munagula nokha kugolosale. Ndi bwino dokotala akudzudzuleni pang'ono kusiyana n'kuti alembe mankhwala ali m'chimbulimbuli.

Za kugolosalezo, Brufen ndi diclofenac musampatse galu ngakhale theka. Panado dokotala akhoza kumulemba pa mlingo wake, koma wongoyerekeza kunyumba amawononga chiwindi, ndipo kwa mphaka ndi imfa. Makapisozi otsala a mwana si a galu. Dokotala akalemba doxycycline, amene timayambira kawirikawiri pa chifuwa chokhala ndi mamina achikasu ndi kutentha thupi, mupatseni ndi kachakudya kuti piritsi lisakakamire kummero, ndipo mumalize masiku onse. Chibayo chenicheni chimafuna nthawi yotalikirapo ndi kubwereranso kukaonedwa.

Kunyumba ntchito yanu ndi mpweya, kutentha ndi chakudya. Galu wokalamba amakonda kugona kukhitchini pafupi ndi moto, makamaka mu Juni ndi Julayi kapena chiperoni chikagwa, ndipo utsi wa nkhuni ndi wa mbaula ndi umene umamupsereza m'chifuwa. Muyalireni thumba ndi bulangete lakale pamalo ofunda koma opita mphepo, osati pasimenti. Wazani madzi musanasese, zinyalala muotchere kutali, wosuta fodya akasutire kwina. Mulekanitseni ndi agalu ena, mbale yake ikhale yakeyake. Nthunzi imathandiza kufewetsa makhololo: mukhale naye m'bafa lotseka mphindi 10 kapena 15, ndowa ya madzi otentha ili pomwe sangaifikire. Koma zomufunditsa bulangete pamwamba pa mphika wa masamba a bulugamu, monga ambiri ankachitira nthawi ya Covid, ayi. Mafuta a bulugamu ndi poizoni kwa galu, ndipo wobanika kale mukhoza kumutsiriza. Wa mtima wolephera ndi wa kholingo lofooka nthunzi si yawo. Dokotala akavomereza, pindani chikhatho ngati mukutunga madzi, mumuombe pang'onopang'ono m'nthiti mbali zonse kwa mphindi zochepa, kenako mumuyendetse pabwalo kuti atsokomole zotsekazo zituluke.

Mphuno ikatsekeka galu samva fungo, ndipo chimene sakuchinunkhiza sachidya. Fundutsani chakudya pang'ono, chikhale chofewa, mumupatse pang'ono pafupipafupi. Kwa wamtima pewani msuzi wotsala wa mchere ndi nsomba zamchere. Wobweza chakudya adyere pamalo okwera, kutsogolo kuli m'mwamba, ndipo akhale choncho mphindi 20 akamaliza. Madzi akumwa asachoke pafupi, makamaka kwa amene ali pa Lasix, ngakhale akukodza pakhonde usiku. Ndipo musamutsanulire phala kapena mkaka m'kamwa mokakamiza. Galu wofooka sameza bwino, ndipo chimene mwatsanula mwachifundocho chimakathera m'mapapo.

Nthawi yosiya zonse n'kuthamanga ndi iyi. Kwezani mlomo wake muone nkhama. Zabwino zimakhala zofiirira, ndipo mukadina ndi chala zimayera n'kubwerera mtundu wake masekondi awiri asanathe. Zikakhala zotuwa, zoyera kapena zobiriwira modera, mpweya kapena magazi zaperewera. Galu amene waima miyendo yakutsogolo atatangadza, khosi atalitambasula, mimba ikuthandizira kukoka mpweya, akufuna kugona koma akangogona n'kudzukanso, ameneyo ali pangozi. Panjira musamumange pakamwa, musamuike m'thumba kapena m'buti, musamugoneke chagada. Akhale mmene iye wasankhira, mawindo ali otsegula, ndipo ngati kwatentha munyowetseni ndi madzi ozizira bwino.

Chomaliza ndi chimene anthu amandifunsira pambali, msonkhano utatha, ndiye ndichiyankhiretu pagulu. Ikhoza kufika nthawi imene mankhwala akwezedwa mpaka pamapeto, nambala ya m'kope ikungokwera, galu sakudya ndipo usiku wonse akuuchezera chiimire chifukwa akagona akubanika. Kubanika kumazunza nyama kuposa ululu wambiri umene timauopa. Pamenepo kupempha dokotala kuti amugoneke ndi jakisoni si nkhanza. Jakisoniyo amalowa mumtsempha wa mwendo, galu amagona tulo m'masekondi ochepa, mtima n'kuima osamva kanthu, ndipo mukhoza kukhala naye pomwepo mutamugwira mutu. Nkhanza ndi kukamutaya kutchire, kumupachika, kapena kumuthirira tameki m'nsima, zimene tikudziwa tonse kuti zimachitika. Ngati ndalama ya jakisoniyo yavuta, nenani poyera kwa alangizi kapena ku mabungwe osamalira nyama monga LSPCA ku Lilongwe, mumve chimene angakuthandizeni.

A wapampando, ndaona manja akwezedwa kale kumbuyoko. Ndibweze kwa inu kuti timve mafunso.